Kamera yoyenera fumbi la m'khola

Munthu amene amajambula zithunzi pakhomo pomwe amalima ndi kuweta sasowa zinthu zoti ajambule, chimene amasowa ndi manja. Nthawi imene kuwala kumakhala kokongola kwambiri, m'mawa dzuwa likungotuluka ndiponso madzulo likapendeka, ndi nthawi yomweyo imene ziweto zimafuna chakudya, mbewu zimafuna madzi, ndipo makola amafuna kutsegulidwa kapena kutsekedwa. Wojambula wa paulendo amanyamuka ndi chikwama chake ali ndi cholinga chimodzi, ndipo tsiku lonse limakhala lake. Ife a pakhomo timajambula tili pakati pa ntchito ina, dzanja limodzi lili ndi ndowa, linalo lili ndi matope, ndipo chimene tikufuna kujambulacho, kaya ndi thadzi lofungatira anapiye kapena kambuzi kamene kangoimirira koyamba, sichidikira kuti tisambe m'manja. Mfundo imeneyi ndi imene yanditsogolera posankha kamera yatsopano, ndipo yandichititsa kukana zambiri mwa zimene otsatsa makamera amati n'zofunika.

Kamera imene ndakhala nayo zaka zambiri ndi ya mtundu wa DSLR, ija yokhala ndi kagalasi m'kati kamene kamatukuka ndi kubwerera nthawi iliyonse pamene chithunzi chikujambulidwa. Inabwera ndi lenzi yokoka ya 18-55mm (nambala ikamakwera, lenzi imaona patali), yomwe makamera ambiri a anthu ongoyamba kumene amagulitsidwa nayo pamodzi. Tsopano mphira wa pogwirira wayamba kumatuka, batani limodzi limafuna kulidina mwamphamvu kuti limve, ndipo sikirini yake ndi ija yomatirira kumbuyo, yosatheka kuipendeketsa. Zonsezi n'zotopetsa, koma pazokha si zifukwa zokwanira zogulira chipangizo china, makamaka masiku ano pamene foni ya m'thumba imajambula bwino kuposa makamera ang'onoang'ono amene tinkawasirira kale. Anthu ambiri anagamula kale nkhaniyi. Bungwe la ku Japan lotchedwa CIPA, limene limasonkhanitsa ziwerengero za makampani opanga makamera, linasonyeza kuti mu 2010 makamera a digito otumizidwa kumisika anali pafupifupi 121 miliyoni, koma pofika mu 2020 sanakwane ngakhale 9 miliyoni. Sikuti anthu anasiya kujambula ayi, anangosamukira ku mafoni, ndipo ambiri a iwo sanataye kanthu.

Zithunzi za pakhomo zili m'magulu awiri. Pali zosungira mbiri ya ntchito, monga tsamba limene layamba mawanga achilendo, bala la pa mwendo wa mbuzi lero ndi mmene lidzaonekere pakatha sabata, msinkhu wa mtengo umene unabzalidwa chaka chatha, kapena malo amene madzi amadikha mvula ikagwa yambiri. Pa ntchito imeneyi palibe choposa foni, chifukwa imakhala nawe nthawi zonse, imalemba yokha tsiku ndi ola, ndipo chithunzicho ungachitumize nthawi yomweyo kwa dokotala wa ziweto kapena kwa mlimi mnzako wodziwa matenda a mbewu. Palinso zithunzi zimene munthu amajambula chifukwa chakuti maso ake akondwera basi, ndipo apa ndi pamene foni imafooka. Imafooka chinthu chikakhala kutali, imafooka chikakhala chaching'ono kwambiri, ndipo imafookeratu malo akakhala amdima koma chojambulidwacho chikuyenda, chifukwa njira imene foni imagonjetsera mdima ndi kujambula zithunzi zingapo motsatizana n'kuziphatikiza, zimene zimatheka pokhapokha chinthucho chitaima. Tsoka lake n'lakuti zambiri zosangalatsa pakhomo zili m'magulu omwewa. Mbalame yotera pa mpanda imauluka ukayandikira, m'khola mumakhala mdima ngakhale masana, ndipo njuchi yosenza mungu kumiyendo kutalika kwake sikufika masentimita 2.

Ndisanawerenge chilichonse choyerekezera makamera, ndinayamba ndatsegula zithunzi zanga zakale, makamaka zija zimene sizinatuluke bwino. Chithunzi cha digito chimasunga m'kati mwake kaundula wotchedwa EXIF, amene amanena kamera ndi lenzi zimene zinagwiritsidwa ntchito, utali wa lenzi pa nthawiyo, kukula kwa bowo lolowera kuwala, nthawi imene shutter, kachitseko kolola kuwala kulowa, inakhala yotsegula, ndiponso nambala ya ISO, yosonyeza mmene kamera imamvera kuwala. Aliyense woganiza zogula kamera ndingamulangize kuti ayambire pamenepa, popeza kaundulayu amanena zimene munthu amajambuladi, pamene mtima umanena zimene amalakalaka kujambula. Zithunzi zanga zinaonetsa kuti pafupifupi nthawi zonse ndikamajambula ziweto lenzi imakhala ili kumapeto kwenikweni, pa 55mm, kutanthauza kuti ndimafuna kufika patali kuposa pamene lenziyo imathera. Zinaonetsanso kuti zambiri zimene zinatuluka mwachimbuuzi zinajambulidwa m'khola kapena chisisira chitayamba, shutter itatsegula kwa 1/30 kapena 1/60 ya sekondi.

Nthawi imeneyo ndi yokwanira kujambula chitseko kapena mulu wa nkhuni, koma nkhuku ayi. Nkhuku ikamayenda imaimitsa mutu wake malo amodzi thupi likusunthira kutsogolo, kenako n'kuuponya mwadzidzidzi, ndipo ikamajompha chakudya mutuwo umatsika ndi kukwera mofulumira moti diso la munthu silitsatira. Kuti mutu umenewu uoneke bwinobwino pa chithunzi pamafunika 1/500 ya sekondi kapena kufupikirapo, ndipo ana a mbuzi akamadumpha kapena tambala akamakupiza mapiko pamafunika 1/1000 kupita m'tsogolo. Vuto n'lakuti ukadula nthawi ndi theka, kuwala kolowa kumachepanso ndi theka, choncho kuchoka pa 1/60 kufika pa 1/500 ndiye kuti wataya magawo 7 mwa magawo 8 a kuwala kumene unali nako. Kuwala kumeneko kuyenera kubwezedwa kuchokera kwina, ndipo ngati sufuna kuthwanimitsa flash m'maso mwa ziweto, njira zotsala ndi kukulitsa bowo la lenzi kapena kukweza ISO, kumene kukapyola muyeso kumabweretsa timawanga tosokoneza ndi kufifiitsa mitundu.

Pamenepa zinandionekera kuti funso la lenzi ndi lalikulu kuposa la kamera yeniyeniyo. Kukula kwa bowo kumalembedwa ndi manambala monga f/2, f/2.8, f/4, f/5.6 ndi f/8, ndipo nambala ikamakwera bowo limachepa, sitepe iliyonse ikudula kuwala ndi theka. Lenzi ya 18-55mm ikafika pa 55mm siitsegula kuposa f/5.6. Lenzi yosakoka ya 35mm kapena 50mm yotsegula mpaka f/1.8, imene makampani ambiri amapanga ndipo kawirikawiri imakhala m'gulu la malenzi awo osavuta kuwakwanitsa, imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi ka 10 kuposa pamenepo. Masamu ake ndi achidule: pamalo pomwe lenzi yakaleyo imandikakamiza kujambula pa 1/60, inayo ingandilole 1/500 popanda kukhudza ISO. N'zovuta kupeza kamera yatsopano imene ingabweretse kusintha kwakukulu chonchi ngati kutsogolo kwake kuli lenzi yamdima. Ndipo pano ndichenjeze za luso lina limene otsatsa amalitchula mokweza, lochepetsa kunjenjemera kwa manja, limene limaikidwa mu lenzi kapena pa sensa yolandira kuwala m'kati mwa kamera. Limathandizadi pojambula nkhokwe madzulo popanda choimikapo kamera, koma limangogwira kamera kuti isagwedezeke. Mutu wa nkhuku silingauimitse.

Nkhani imene imadya nthawi ya ogula ambiri ndi ya kukula kwa sensa, kachipangizo kamene kamalandira kuwala m'malo mwa filimu. Sensa yotchedwa full frame ndi ya mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi, mofanana ndi chithunzi cha pa filimu ya 35mm. Ya APS-C ndi ya mamilimita pafupifupi 23.5 ndi 15.6 m'makamera a Nikon, Sony ndi Fujifilm, pomwe ya Canon ndi yocheperako pang'ono, 22.3 ndi 14.9. Ya Micro Four Thirds, imene Olympus ndi Panasonic anakhazikitsa mu 2008, ndi ya 17.3 ndi 13. Tikawerenga malo onse olandirira kuwala, full frame imaposa APS-C kawiri ndi pang'ono, ndipo imaposa Micro Four Thirds pafupifupi kanayi. Sensa yaikulu imatolera kuwala kochuluka, motero zithunzi za mumdima zimatuluka zosalala, zopanda timawanga tambiri, ndipo zimenezi palibe angazitsutse. Kwa kanthawi ndithu mtima wanga unapendekera kumeneko, chifukwa mdima wa m'khola ndi limodzi mwa mavuto anga enieni.

Chimene chinandibweza ndi kulemera. Sensa yaikulu imafuna lenzi yaikulu yoti iwalitse malo onsewo, ndipo kusiyanaku kumakula kwambiri pa malenzi oonera kutali. Lenzi ya 300mm ikaikidwa pa kamera ya APS-C imaonetsa kadera kofanana ndi kamene lenzi ya 450mm ingaonetse pa full frame, ndipo pa Micro Four Thirds imafanana ndi ya 600mm. Choncho wofuna mbalame ya pa mpanda, kapena kalulu wobwera kudzaba m'dimba chakumadzulo, amafika patali ndi katundu wochepa akasankha sensa yaing'ono. Kamera yolemera makilogalamu awiri pamodzi ndi lenzi yake siingakolekedwe paphewa la munthu amene akukankha wilibala. Imatsala m'nyumba, ndipo zochitika kukhola zimachitika iyo kulibe. Phindu la full frame poyerekeza ndi APS-C mumdima ndi sitepe imodzi ndi kachigawo, pamene lenzi yowala ija imapereka masitepe oposa atatu, motero ndinaona kuti ndi nzeru kutenga atatuwo n'kuisiya imodziyo.

Pa nkhani ya ma megapixel, mamiliyoni a timadontho topanga chithunzi, sindichedwapo. Kamera ya digito imene Steven Sasson anapanga ku Kodak mu 1975 inali ndi timadontho 10,000 tokha, ndipo chiyambire makamera oterewa kufika pamsika nambala imeneyi yakhala nyambo yaikulu ya otsatsa. Kamera ya ma megapixel 24 imatulutsa chithunzi cha timadontho 6,000 m'litali ndi 4,000 m'lifupi, chimene chingasindikizidwe bwino kwambiri pa pepala la masentimita 50 ndi 33, pomwe sikirini ya 4K imaonetsa ma megapixel ongopitirira 8. Owonjezera amathandiza ukamadula chithunzi kuti chinthu chakutali chikule, koma amadzaza makhadi msanga ndi kulemetsa kompyuta.

Funso lovutirapo linali lakuti ndikhalebe ndi DSLR kapena ndisamukire ku makamera opanda kagalasi, otchedwa mirrorless. Yoyamba ya mtundu umenewu inali Panasonic Lumix G1 ya mu 2008, Sony inatulutsa a7 ya full frame mu 2013, ndipo mu 2018 Canon ndi Nikon, amene anali eni msika wa DSLR, analowa mwamphamvu ndi EOS R komanso Z6 ndi Z7. Kuyambira pamenepo malenzi atsopano a makampani awiriwa akhala akupangidwira makamaka makamera opanda kagalasi, ndipo Pentax ndiyo yakakamirabe DSLR. Zakuti chinthu chili m'fasho sizindikhudza. Chimene chinandikopa ndi autofocus yozindikira nyama, luso limene kamera imadziikira yokha fokasi, kutanthauza malo ooneka bwino pa chithunzi. Sony inawonjezera luso lopeza diso la nyama mu a7 III ndi a7R III mu 2019, Canon EOS R5 ndi R6 za mu 2020 zinabwera zikuzindikira agalu, amphaka ndi mbalame, ndipo lero luso limeneli lafika ngakhale m'makamera apakati a APS-C. DSLR yanga ili ndi timalo towerengeka toikapo fokasi, tounjikana pakati, motero imakonda kugwira waya wa mpanda, udzu umene uli patsogolo kapena phiko, diso n'kutsala mwachimbuuzi. Vutoli limakula lenzi ikatsegulidwa mpaka f/1.8, chifukwa pamenepo dera looneka bwino limapyapyala kwambiri, moti diso la tambala likagwidwa bwino mchira wake umakhala utazimirira kale, ndipo kuphonya ndi masentimita ochepa kumawononga chithunzi chonse. Lenzi yowala ndi autofocus yodalirika zimayendera limodzi. Chenjezo n'lakuti nyama zimene makampani amazitchula kwambiri ndi agalu, amphaka ndi mbalame, choncho woweta mbuzi, nkhosa kapena nkhumba ayese kaye pa ziweto zoterezi asanakhulupirire zolembedwa pa bokosi.

Posuzumira pa kamera yopanda kagalasi pali kasikirini koonetsa chithunzi mmene chidzatulukire, ndipo zimenezi zimathandiza munthu amene akuchoka pabwalo lowala n'kulowa m'khola la mdima m'masekondi ochepa, chifukwa amaoneratu ngati chithunzi chada kapena chawala mopyola. Makamerawa amathanso kujambula mwakachetechete. Ziweto zozolowera anthu sizisamala za phokoso la kagalasi, koma mbalame yakutchire yobwera kudzamwa madzi imasamala kwambiri. Kungoti kujambula kwachete kuli ndi vuto lake, popeza m'makamera ambiri sensa imawerengedwa mzere ndi mzere kuchokera pamwamba kutsika pansi, ndipo chinthu chothamanga chimasuntha kuwerengako kusanathe, mapiko n'kutuluka opindika modabwitsa. Pa zouluka ndi zothamanga, shutter yeniyeni yotseguka ndi kutsekeka idakali yodalirika. Batire nalo limatha msanga, chifukwa sensa ndi sikirini zimagwira ntchito nthawi yonse imene kamera yayatsidwa. Pa muyeso wa CIPA, Nikon D3500, yomwe ndi DSLR yaing'ono, imajambula zithunzi 1,550 batire lisanathe, pamene makamera ambiri opanda kagalasi amathera pa mazana angapo. Kwa wapaulendo limeneli ndi vuto, koma kwa munthu amene nyumba yake ili mamita ochepa kuchokera kukhola, batire lachiwiri limathetsa nkhani.

Mdani weniweni wa kamera ya pakhomo ndi fumbi. Fumbi la m'khola limasiyana ndi la pamsewu, chifukwa limakhala ndi tizidutswa ta nthenga, udzu wouma, ufa wa chakudya cha ziweto ndi ndowe zouma, ndipo limamatirira pa chilichonse chimene chili ndi kachinyezi kapena mafuta a zala. Ukachotsa lenzi pa kamera yopanda kagalasi, sensa imakhala pamtunda, pokhapokha ngati ili ya mtundu umene umatseka shutter ukazimitsidwa. Kafumbi kotera pa sensa sikaoneka pa f/2.8, koma ukajambula thambo pa f/11 kapena f/16 kamatulukira ngati kadontho kakuda pamalo omwewo m'chithunzi chilichonse. N'chifukwa chake lamulo langa ndi lakuti lenzi isasinthidwe m'khola kapena pamphepo, ndipo lamuloli ndi limene likundikakamiza kukhala ndi lenzi imodzi yokoka patali, monga ya 18-135mm kapena 18-140mm, yoyendera nayo tsiku ndi tsiku. Akatswiri amainyoza lenzi yotere kuti imachita zonse popanda kuchita chimodzi mwaluso, ndipo akunena zoona pang'ono, koma iwo sadyetsa nkhuku kamera ili pakhosi.

Mawu akuti kamera imapirira fumbi ndi mvula ayenera kumvedwa mosamala, popeza makampani ambiri sanena muyeso umene anagwiritsa ntchito. Mmodzi mwa ochepa amene amanena ndi OM Digital Solutions, kampani ya makamera a OM System, yomwe inatenga ntchito yopanga makamera a Olympus mu 2021, ndipo kamera yake ya OM-1 ya mu 2022 ili ndi muyeso wa IP53. Nambala 5 ikutanthauza kuti fumbi lingalowe pang'ono koma osati lokwanira kuwononga, ndipo 3 ikutanthauza kuti imapirira madzi owaza kuchokera chakumwamba. Sizikutanthauza kuti ingagwere m'momwera ziweto n'kupulumuka. Chitetezochi chimagwiranso ntchito pokhapokha lenzi nayo ikhale yotetezedwa mofananamo. Chinyezi ndi choopsa mwakachetechete kuposa mvula, chifukwa lenzi yosungidwa m'chikwama chonyowa m'kabati yotsekedwa imamera chuku m'kati, timizu toyera tooneka ukaiunika ndi tochi, ndipo chukucho chikakhalitsa chimadya utoto wopyapyala wopakidwa pa galasi. Bokosi lotseka bwino lokhala ndi timapaketi ta silica gel toyamwa chinyezi limateteza zimenezi. Popukuta, kampira kopemerera mpweya kayambe kachotsa mchenga, kansalu kofewa kabwere pambuyo, ndipo malaya ogwirira ntchito asayandikire galasi. Woweta mbuzi adziwenso kuti lamba wa kamera wolendewera amatafunidwa.

Chinthu chimene sichioneka m'mipikisano ya manambala, koma chimene ine ndachiika patsogolo penipeni, ndi sikirini yopendeketseka. Munthu woimirira amaona nkhuku kuchokera pamwamba, ndipo chithunzi chojambulidwa pamenepo chimaonetsa msana wa nkhuku ndi dothi, basi. Kamera ikatsitsidwa kufika pa msinkhu wa diso la nkhukuyo, zonse zimasintha. Kumbuyo kwake kumaoneka mpanda, mitengo ndi thambo m'malo mwa dothi, zakutalizo zimafewa n'kusiya nkhukuyo itaima payokha, ndipo imakhala ndi nkhope, ndi ukali wake kapena mantha ake, zimene woiweta amazidziwa koma mlendo sazidziwa. N'chimodzimodzi ndi mbuzi, imene mwana wa diso lake ndi wopingasa, wokhala ngati wa makona anayi, ndipo amakhalabe wopingasa ngakhale mbuziyo itaweramitsa mutu kuti idye, chifukwa diso limatembenuka m'malo mwake kuti ipitirize kuona mbali zonse kumene chilombo chingachokere. Chodabwitsa chimenechi sungachijambule uli chiimire. Ndi kamera yanga yakale, njira yokhayo inali kugona chafufumimba pansi pa khola, pamene ndi sikirini yopendeketseka munthu amangonjuta, n'kutsitsa kamera, n'kuyang'ana pansi. Pali masikirini otsegukira kumbali n'kuzungulira, amene ojambula mavidiyo amawakonda, ndipo pali ongopendekera m'mwamba ndi pansi. Ine ndimakonda achiwiriwa chifukwa amatseguka ndi chala chimodzi ndipo salendewera kumbali kumene angagundidwe ndi chitseko. Pa chifukwa chomwecho ndimafuna mabatani ndi timagudumu tenitenti tosinthira shutter, bowo ndi ISO, popeza sikirini yogwira ndi chala siimva zala zonyowa kapena zovala magolovesi. Zimenezi munthu sangazidziwe powerenga, ayenera kuigwira kamerayo m'dzanja lake asanaigule.

Kujambula tinthu ting'onoting'ono ndi kumene kumagwirizanitsa chisangalalo ndi ntchito, chifukwa chithunzi chooneka bwino cha nsabwe za pansi pa tsamba, mazira a gulugufe kapena mbozi yobisala m'duwa chimathandiza kudziwa mdani amene walowa m'munda. Lenzi yeniyeni ya macro, yojambulira pafupi kwambiri, imafika pa muyeso wa 1:1, kutanthauza kuti kachilombo ka mamilimita 10 kamatenganso mamilimita 10 pa sensa. Malenzi ambiri okoka amalembedwa mawu akuti macro koma safika pamenepo. Kwa wojambula pafupi ndi ming'oma, lenzi ya 90mm mpaka 105mm ndi yabwino kuposa ya 35mm kapena 40mm, chifukwa imakulola kukhala patali pang'ono, osaphimba kuwala ndi mthunzi wako ndiponso osaputa njuchi. Pa mtunda woterewu dera looneka bwino limachepa kufika pa milimita imodzi kapena iwiri, motero umakakamizika kutseka bowo mpaka f/8 kapena f/11, kuwala n'kuchepanso, ndipo kamphepo kochepa kogwedeza duwa kamakwanira kuwononga zonse. Njuchi imakupiza mapiko maulendo oposa 200 pa sekondi, choncho ngakhale pa 1/1000 mapikowo saima, ndipo ine ndimaona kuti chimbuuzi chimenecho chimakometsa chithunzi bola mutu ndi mungu zioneke. Nthawi yabwino ndi m'mawa kukadazizira, mame asanaume, pamene tizilombo tambiri timakhala tisanatenthedwe mokwanira kuti tiuluke. Amene sanakonzeke kugula lenzi ya macro angayambe ndi timachubu topanda galasi toika pakati pa kamera ndi lenzi, timene timachititsa lenzi wamba kuona pafupi kwambiri.

Dzuwa likakhala paliwombo, bakha woyera ndi mbuzi yakuda zikaima pamodzi zimaposa zimene sensa ingasunge nthawi imodzi, ndipo nthenga zoyerazo zikapserera palibe chozibweza. Apa kujambula mu RAW, fayilo yosunga zonse zimene sensa yalandira, kumathandiza, popeza fayilo ya JPEG imasunga milingo 256 ya kuwala pa mtundu uliwonse, pamene ya RAW ya 12-bit imasunga 4,096 ndipo ya 14-bit imasunga 16,384, motero pamakhala mpata wotukula za mumthunzi pa kompyuta. Mapulogalamu aulere monga darktable ndi RawTherapee amagwira ntchito imeneyi bwino. Ndimajambula mitundu yonse iwiri pamodzi, JPEG yotumiza mwachangu ndi RAW ya zithunzi zochepa zoyenera kukhalira pansi, ndipo zonse ndimazisunga malo awiri osiyana, chifukwa zithunzi za pakhomo zimakwera mtengo zikamakalamba, pamene mtengo wa zipatso wakula ndipo nyama zina kulibenso.

Ndinaganizirapo mofatsa za makamera a lenzi imodzi yosachotseka yokoka patali kwambiri, monga Sony RX10 IV imene lenzi yake imafanana ndi ya 24-600mm pa full frame, kapena Nikon P1000 ya mu 2018 imene imafika pa 3000mm. Ubwino wake pakhomo ndi waukulu, popeza lenzi siichotsedwa ndipo palibe chikwama cha malenzi chonyamula. Kwa munthu amene amajambula makamaka mbalame masana, kamera yotere ingamukwanire. Ine ndinaisiya chifukwa masensa ake ndi aang'ono, makamaka a P1000, ndipo palibe njira yoikirapo lenzi yowala ya m'khola.

Chimene ndasankha ndi kamera yopanda kagalasi ya APS-C, ya ma megapixel pakati pa 24 ndi 26, yozindikira nyama ndi mbalame, yokhala ndi sikirini yopendeketseka ndi chitetezo cha fumbi, ndipo ya m'badwo umodzi m'mbuyo, chifukwa zimene zimawonjezedwa m'zatsopano kwambiri nthawi zambiri ndi za mavidiyo, zomwe sindizigwiritsa ntchito. Dzina la kampani sindinayambire, ndinayamba ndalemba malenzi amene ndikufuna n'kuona kuti ndi kamera iti imene ili nawo. Amene ali ndi malenzi akale abwino aganizire za zolumikizira, popeza malenzi a Canon EF amagwira ntchito pa makamera a EOS R, ndipo a Nikon F amagwira pa makamera a Z kudzera pa cholumikizira chotchedwa FTZ, ngakhale kuti malenzi akale a Nikon amene fokasi yake imazunguliridwa ndi mota ya m'kamera amafuna kuwazungulira ndi dzanja akaikidwa pamenepo. Lenzi yowala ndi ya macro ndikufuna kuzigula zogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo pamenepa pamafunika kukumbukira za chikomekome cha mkuyu, chifukwa lenzi yonyezimira kunja ingakhale ndi chuku m'kati. Iunikidwe ndi tochi mbali zonse, mphete zake zizunguliridwe kuti zimveke ngati mulibe mchenga, ndipo ngati ndi kamera, afunsidwe maulendo amene shutter yagwira ntchito, popeza makamera ang'onoang'ono ambiri amayesedwa kufika pa 100,000.

DSLR yakaleyo sindiigulitsa. Ikhala ndi lenzi yake ya 18-55mm pa ntchito imodzi, yojambula munda ndi mitengo kuchokera pa nsanamira imodzi ya mpanda kumayambiriro kwa mwezi uliwonse, lenzi ili pa 18mm ndi pa f/8, kuti zithunzizo zidzathe kuikidwa mondondozana. Ntchito imeneyi siifuna autofocus yanzeru kapena liwiro. Lenzi yoonera kutali kwambiri ndiyo ndaiimika kaye mpaka nyengo imodzi yolima idutse, ndipo ndidzaigula pokhapokha EXIF ikadzaonetsa kuti ndikutheranso kumapeto kwa lenzi yatsopano yoyendera nayo tsiku ndi tsiku ija.